Njati za m'Bango la Luia

1979, chilimwe

Ntchito ya boma ndinaiyamba ku Chifunde ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Za ubwana wanga musandifunse, ana anga, zinali za mbuzi ndi misampha ngati za wina aliyense. Pepala limene ndinabwera nalo kuchokera ku Tete linkati ndine mlonda wa nyama zakutchire, pansi pa ofesi ya zaulimi. Dzina linali lalikulu, koma ofesiyo inali chipinda chimodzi chodontha, tebulo loimira pa njerwa, ndi mfuti imodzi yaikulu imene alenje achizungu anaisiya pochoka. Ntchito yanga inali kuthamangitsa njovu m'minda, kuchotsa mawaya a otchera, ndi kupha nyama boma likalamula.

Ndinapezamo mkulu wina, a Zakeyo Mbewe, amene ananyamulira azungu mfuti kuyambira unyamata wawo. Sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, ndipo pa pepala ine ndinali bwana wawo. M'tchire zinali zina. Tsiku loyamba kuyenda nawo anaima, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wa Zuze," anatero, "iwe ukanakhala gwape ndikanakupha ndi mwala. Ukumveka ngati ngolo." Ndinakwiya masiku awiri, kenako ndinayamba kumvera. Zonse zimene ndikudziwa za thengo zinachokera kwa iwo.

Chaka chomwecho tinapha njovu imene inamaliza minda ya anthu cha ku Nsadzo. Mfuti inalira m'mawa, pamalo pamene sitinaone nyumba ngakhale imodzi. Dzuwa lisanafike pamutu anthu anali atadzaza: amuna ndi mipeni, amayi ndi malichero, ana ndi mbale. Palibe anawaitana. A Zakeyo anandiuza kuti mwambo wa kuno ndi umenewo. Mfuti ikalira m'thengo aliyense waimva amabwera, amene sanaimve amatsata miimba, ndipo wofika pamene nyama yagwa sabwerera chimanjamanja. Ndinaukonda mwambowo. Tsiku limenelo ndinadziona munthu wamkulu, ndikugawa nyama ngati ndinaiweta ndine. Mmodzi mwa atsikana amene anabwera ndi lichero anali Rozina Banda woimba kwaya ku parishi, amayi anu. Ndinawapatsa nthuli yaikulu kuposa ya ena, ndipo a Zakeyo anandiseka mpaka tsiku la ukwati.

1985, nyengo ya lupsa

Nkhondo sinabwere tsiku limodzi. Poyamba tinkaimva ngati nkhani ya kutali, kenako galimoto za ku Tete zinayamba kuyenda pagulu ndi asilikali, kenako zinkatha miyezi osaoneka. M'sitolo munatsala mashelefu ndi fumbi. Mchere unasowa, sopo anasowa, singano inkabwerekedwa mudzi wonse. Midzi ikuluikulu imene boma linasonkhanitsamo anthu, imene tinkaitcha maaldeya, inayamba kuotchedwa ndi anthu a mfuti a m'thengo. Ena opulumuka anathawira kwa ife n'kumagona mozungulira sukulu ndi chipatala. Ena anangosowa, ndipo sitinkafunsa kumene apita.

M'nyengo imeneyo amayi anu anabereka mwana wamwamuna, wachitatu, tinamutcha Tomasi. Anachira movutikira, anataya magazi ambiri, ndipo anakhalabe kuchipatala. Chakudya chinali phala la madzi ndi masamba a m'dambo. Patapita milungu itatu mkaka unayamba kuuma. Mwanayo ankayamwa n'kusiya, n'kulira kamawu kakang'ono ngati ka mphaka. Namwino wathu, a Luiza, ananditengera kuseri kwa chipatala. "A Fabiao, sindikubisirani," anatero. "Mankhwala a zimenezi kulibe, ngakhale ku Tete. Mayiyu akufunika msuzi wa nyama, tsiku ndi tsiku. Ndipo si yekha, ndili nawo ambiri m'katimu. Inu si ndinu a nyama?"

Mabwana ndinali nditaona atatu. Woyamba ankamwa, wachiwiri ankangofunsa za minyanga, wachitatu anapita ku Tete kukaonana ndi dokotala wa mano ndipo mpaka lero sanabwere. Wachinayi anali a Diretori Matuse, mnyamata wa kummwera, wamagalasi, wophunzira zaulimi, wosadziwa Chinyanja kupatula moni. Nditawauza mawu a namwino sanachedwe. Anapita kwa mkulu wa asilikali, nabwera ndi chilolezo cha masiku anayi choti tikaphe njati ya chipatala. Kenako anati nawonso apita, ndipo mfuti akaomba ndi iwo. Ndinayesa kuwaletsa, chifukwa anali asanaphepo ngakhale nkhuku. Anati, "Sindingatume anthu kumene ine ndikuopa kupita."

Anandiitana masana kunyumba kwawo, natsegula sutikesi pakhonde kuti ndione zimene akonzera ulendo. Munali nsapato zazikulu zatsopano zonyezimira, malaya ndi buluku zobiriwira, botolo la madzi lachitsulo, kawailesi, ndi sopo wonunkhira amene akazi awo anawatumizira.

"Kamarada Fabiao, nenani zoona. Chasowa n'chiyani?"

"Shefi, palibe chasowa. Zachuluka."

Ndinayamba ndi nsapato. "Mabota atsopano amadya mwini wake tsiku loyamba," ndinatero. "Ndiponso masiku ano phazi la bota m'njira ndi phazi la msilikali. Wa m'thengo akaliona amalitsata, wa m'mudzi akaliona amathawa. Tikusokerani nkhwaira za tayala, muyambe kuyenda nazo lero kuti zikuzolowereni." Zovala zobiriwira ndinati kale zinali zabwino, koma tsopano munthu akakuona patali uli ndi zobiriwira ndi mfuti safunsa dzina. Ndinawabwereka malaya anga akale ofumbirira. Botolo lachitsulo limagunda pa lamba n'kulira, choncho madzi tinyamula m'chipanda chotseka ndi chitsononkho. Wailesi itsale. Fodya atsale.

"Nanga sabau?" anafunsa, atanyamula sopo uja.

"Sabau mumusiye masiku atatu tisananyamuke. Musambe madzi okha, kenako mukhale pa utsi. Njati siona bwino, koma mphuno yake imamva munthu ali kutsidya kwa dambo."

Kenako ndinawauza zonyamula: mipeni iwiri ndi mwala wonolera, nkhwangwa, luzi, machesi m'kabotolo ka mankhwala kuti asanyowe, singano yochotsera minga, chimanga chokazinga, ndi mchere wothira nyama tikaiwamba. Chomaliza chinali kathumba ka phulusa. Ndinawasonyeza mmene umakagwedezera pang'ono n'kuona kumene phulusalo likulowera. Mlenje amayandikira nyama mphepo ikumuomba kumaso. Ikamuomba kumsana, fungo lake limafika iye asanafike. Mfuti sitikanatha kuiyesa, chifukwa zipolopolo zinali zochepa, komanso ikanalira pa boma anthu onse akanathawira m'tchire. Ndinawaphunzitsa kuinyamula ndi kuiika paphewa ilibe kanthu, kambirimbiri, mpaka mkono unawapweteka. Ndinati alase kuseri kwa phewa la njati, chapansi, ndipo akaomba aikenso chipolopolo china asanayang'ane zimene zachitika, chifukwa njati yovulala imazungulira n'kudikira pambali pa mapazi ake omwe. Zonsezi ankalemba m'kabuku, akufunsa mobwerezabwereza. A Zakeyo anandinong'oneza kuti bwanayu ndi wabwino, safunsa anadya phula.

Mchere unali nkhani ina. Ku ofesi kunalibe. A Luiza anazungulira nyumba za pa boma ndi kapu, ndipo amayi ankathiramo aliyense katsinidwe kamodzi, kuchokera pa timfundo timene ankabisa m'madenga. Unakwana kathumba kamodzi. Ndinakanyamula ndekha, m'kati mwa malaya.

Ndinkaganiza kuti ndakonza zonse. Ndinaganizira mapazi, zovala, fungo ndi mphepo. Chimene sindinaganizire chinali chinthu chimene ndinkachidziwa bwino kuposa zonsezo.

Sabata lomwelo, ku Luia

Tinanyamuka atatu, ine, a Zakeyo ndi a Diretori. Tinapangana kuti njati ikagwa a Zakeyo abwerere kukatenga amuna a njinga, ife titsale tikuwamba. Tsiku loyamba sitinaone kanthu koma mapazi akale a mphalapala. Akashembe anatiluma kwambiri. A Diretori anatuluka matuza ngakhale anali ndi nkhwaira, koma sanadandaule. Madzulo a tsiku lachiwiri tinafika pa mtsinje wa Luia, madzi atatsala m'maiwe okha. Pamchenga panali mapazi a njati zitatu zamphongo, zokalamba, ndi ndowe zofunda. Zinali zitalowa m'bango lalikulu kumunsi. Ndinaona kale msuzi uli m'manja mwa amayi anu.

Ndinasiya anzangawo pamthunzi kuti a Diretori apumitse mapazi, ine n'kupita ndekha kukaona njira yolowera m'mawa. Ndikuzungulira bangolo ndinayamba kuona zina. Mtengo wosendedwa luzi posachedwa. Dzenje lokumbidwa ndi ndodo. Mchenga wosesedwa ndi nthambi, ndipo pamene nthambi inaphonya panali kaphazi ka mwana. Nditakhota pa chulu ndinakumana ndi mayi wina akukumba mpama. Anali woonda, atavala chiguduli. Ataona mfuti anagwada, naika manja pamutu, osalira, osathawa.

"Mayi, dzukani. Sindine msilikali. Ndine wa nyama."

"Onse amanena zawo," anayankha.

Ndinaika mfuti pansi, ndinakhala pansi nanenso, n'kuwapatsa chimanga cha m'thumba. Sanadye, anachimanga pa mfundo. Pang'onopang'ono anandiuza kuti iwo ndi mabanja angapo a aldeya ina yootchedwa akubisala m'chigwa kuseri kwa bangolo, pamodzi ndi akatekisiti awo. Moto amakoleza pokhapokha utsi sungaoneke. Atambala anawapha onse, agalunso anawapha, kuti pasakhale cholira. Ndinafunsa kuti alipo angati.

"Sitiwerengana, bambo. Tikawerengana timalira."

Kenako anayang'ana mfuti ija. "Mwadzera njati zili m'bangozi?"

"Inde, mayi."

"Mukaomba pano, ine sindingawaletse anthu. Ana sanalawe ndiwo kuyambira Pasaka. Adzatuluka onse ndi malichero, monga timachitira. Ndipo a mfuti a m'phiri umo nawonso ali ndi makutu. Akaphonya mfuti, miimba idzawalozera."

Apo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinaiwala. Ndinayesa kulimbikira. Ndinati nyamayo iwathandiza iwonso.

"Tidzadya tsiku limodzi," anatero.

Ndinawauza za amayi anu, za mkaka, za mwana. Sindikudziwa chifukwa chake ndinawauza, mwina ndinkafuna andiloleze. Sanandiloleze ndipo sanandichonderere. Anangofunsa kuti, "Mwanayo dzina lake ndani?"

"Tomasi."

"Mulungu amusunge," anatero. Anatola mpama wawo, natenga nthambi, nabwerera chafutambuyo akusesa mapazi awo.

Pobwerera kwa anzanga ndinayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Ndinaganiza zowauza a Diretori. Koma ndinkawadziwa. Anali munthu wosatha kunama pa pepala, ndipo mkulu wa asilikali akanawafunsa chifukwa chimene tinabwerera osaomba. Asilikali akanapita kukawatenga anthuwo, kuwabwezera ku aldeya kumene anaotchedwa kale, ndipo ena akanaimbidwa mlandu wodyetsa adani. Ndinaganiza zopirikitsa njatizo kuti tikaziphere kutali, koma njati ikadzidzimuka pamenepo imaoloka n'kulowera kuphiri, kumene ife sitikanapita. Tsiku losaka linatsala limodzi, linalo linali lobwerera. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinkaona kuti kulikonse kumene ndingalowe, wina avumbwa, ndipo mmodzi wa iwo ndi mwana wanga. Ndinachita mantha, ndipo ndinawakwiyira mayi aja chifukwa chokumba mpama pamene ine ndinadutsa.

M'mawa kutangoyera tinatsika. Ine patsogolo, a Diretori pakati ndi mfuti, a Zakeyo pambuyo. Pamphepete pa bango ndinatulutsa kathumba, ndinakagwedeza nditakabisa ndi thupi langa. Phulusa linabwerera kwa ine, molunjika. Mphepo inali yabwino moti tikanangolowa pomwepo. Ndinaima kanthawi. Kenako ndinaloza kudzanja lamanzere, ndipo ndinawazungulitsa kudzera kumtunda, mbali imene mphepo inkachokera.

"Phulusa?" ananong'ona a Diretori.

Ndinagwedeza mutu kuti zili bwino.

Tinakwawa mpaka tinaona msana wa imodzi, wakuda, wamatope, mbalame zikudya nkhupakupa pamwamba pake. Inali pafupi. A Diretori ananyamula mfuti monga ndinawaphunzitsira, osanjenjemera. Asanaifikitse paphewa njatiyo inadzutsa mutu, mphuno m'mwamba. Bango linathyoka mbali zonse, madzi anakhavuka, ndipo tinaziona zitatu zikukwera gombe la kutsidya.

A Diretori anakhala pansi. Anavula magalasi, kenako ananunkhiza mkono wawo. "Ndi sabau uja," anatero. "Tsiku lonyamuka ndinasamba naye m'manja. Ndinaiwala. Ndinalemba m'buku koma ndinaiwala."

"Ayi shefi, mphepo yatembenuka. Zimachitika."

Sanandikhulupirire, anakhulupirira kuti ndikuwatonthoza. Ndinawasiya akhulupirire. Atadzuka n'kutsogola, a Zakeyo anatsalira pambali panga.

"Mwana wa Zuze, zaka zisanu ndi chimodzi ndakuphunzitsa."

"Munaona mapazi aja, akulu?"

"Ndinawaona dzulo, iwe usanawaone." Analavula, nasenza chipanda. Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka imfa yawo.

Pobwerera tinayang'ana paliponse, kutali ndi chigwa chija, koma lupsa linali litathamangitsa nyama zonse. Tinafika pa boma madzulo a tsiku lachinayi. Amayi a pa boma atationa patali anatuluka ndi mabeseni, ndipo titayandikira anayamba kuwabisa kumbuyo mmodzimmodzi. Kathumba ka mchere ndinakapereka kwa a Luiza kali chimangire. Anakalandira osandiyang'ana.

Amayi anu anali chogona, mwana ali pachifuwa. Anandiyang'ana m'manja.

"Bambo a Anyezi, mwabwera?"

"Ndabwera."

"Zinavuta?"

"Mphepo inatembenuka."

"Pepani," anatero. "Mwatopa. Khalani pansi."

Tomasi anakhala masiku ena asanu ndi anayi, n'kumwalira. Tinamuika kuseri kwa chipatala, atakulungidwa mu mphasa. Anyezi, iwe unali ndi zaka zisanu, mwina ukukumbukira. A Diretori anabwera, anaima kumbuyo kwa anthu, ndipo titamaliza anagwada pamaso pa amayi anu. Anandipempha kuti ndimasulire. Anati, "Mayi, ndinalakwitsa ndine. Mwamuna wanu anandiphunzitsa zonse bwino." Ndinamasulira mawu onsewo, limodzilimodzi, ndi pakamwa pangapa.

1986 mpaka lero

Chaka chotsatira zinthu zinafika poipa, ndipo tinatuluka wapansi kudzera ku Cassacatiza kupita ku Zambia, ngati anthu ena onse. Kumeneko ndi kumene Paulo ndi Marita munabadwira. A Diretori anali atasamutsidwa kale, sindinawaonenso. A Zakeyo anamwalirira ku msasa wa othawa nkhondo. Mtendere utabwera ndinabwerera pa ntchito, anandiika ku Nsadzo, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka kupuma. Ndinaphunzitsa alonda ambiri achinyamata za mipeni, za nsapato ndi za mphepo. Ena amabwerabe kudzandifunsa.

Za anthu a m'chigwa sindikudziwa zambiri. Tsiku lina, nkhondo itatha, ndinaona mayi akugulitsa nthochi pa Cassacatiza, ndipo ndinaganiza kuti ndi iwo. Anali atanenepa, pambali pawo pali mtsikana wamkulu. Ndinagula nthochi, anandithokoza, sanandizindikire. Mwina sanali iwo. Sindinafunse, chifukwa ndinkaopa yankho lililonse.

Sindinganene kuti msuzi wa njati ukanamupulumutsa Tomasi. A Luiza anati mwina, mwinanso ayi. Sindinganenenso kuti a m'phiri akanabweradi. Ndaziganizira zimenezi zaka zonsezi, polima, potchalitchi, podikira basi, ndipo sindinapeze pokhazikitsa mtima. Masiku ena ndimaona kuti ndinachita bwino. Masiku ena ndimaona bambo amene anasiya mwana wake chifukwa cha anthu osawadziwa ngakhale maina. Ansembe awiri ndinawauza, ndipo onse anati palibe tchimo. Sizinandithandize, chifukwa amene ndinayenera kuwauza sanali ansembe.

Amayi anu ankainena nkhaniyi kwa alendo, inunso munaimva kambiri. Ankati, "Tikanakhala naye wina wamwamuna, koma mphepo inawatembenukira bambo ake ku Luia." Ankanena mondimvera chisoni, nthawi zina atandigwira pabondo. Kangapo ndinatsegula pakamwa. Pamene ankadwala matenda omaliza ndinakhala pambali pa mphasa yawo milungu iwiri, ndikudziuza kuti mawa. Anapita asakudziwa.

Tsono ndikuuzani inu, chifukwa anali mbale wanu, ndipo mundiweruze mmene mungaonere. Tsiku limenelo mphepo inali yabwino. Ndinaiona ndi maso anga.